Thanthwe la Pamwamba pa Songo

Tinanyamuka tambala wachiwiri asanalire,
ine ndi mlamu wanga Belimiro,
iye ndi botolo la madzi ndi chinangwa chootcha,
ine ndi bondo langa lolosera mvula
kuposa wailesi.

Njira ya kuthanthwe imayambira kuseri kwa chigayo.
Si njira yobisika.
Mapazi aipala mpaka miyala kuterera:
ana asukulu, amisiri a magetsi pa tsiku lopuma,
alendo a zipewa zazikulu, ndodo ziwiriziwiri,
ngati akupalasa bwato pamtunda.

Poyamba ndinkawerenga milambe.
Nditafika pa khumi ndi umodzi
ndinayamba kuwerenga mpweya wanga.

Belimiro salankhula zambiri akamakwera.
Amangoloza: apa njoka inavula malaya,
apa anyani anatilanda nthochi chaka chija,
apa mayi wina wa ku Chitima anakhala pansi
nati, "Thanthwelo likandifuna libwere lokha."
Ndinaseka.
Mwala womwewo ndinaukhalira inenso.

Dzuwa la ku Tete siliodira.
Linatipeza pakati pa chikweza,
linandivula jekete, linamwa theka la botolo,
nyenje zikulira ngati mawaya aja
otenga moto wathu kupita nawo kummwera.
Nsapato yakumanzere inayasama kukamwa.
Ndinaimanga ndi luzi, koma inkadandaulabe.

Kamtsikana ka beseni la malambe pamutu,
patapata kuphazi, kanatidutsa osapuma.
"Mwatsala pang'ono, malume."
Bodza lokoma limeneli ndinalimva katatu
kwa anthu atatu osiyana.

Kenako mitengo inatha.
Kenako dziko linatha.

Ndinakwawa chamimba ngati gulo
mpaka chibwano chinasuzumira kuphompho.
Mayo ine!
Pansi penipeni, Zambezi wogwidwa pakhosi,
watupa, wabwerera m'mbuyo,
walowetsa zala zake zobiriwira m'zigwa zonse
ngati dzanja lopisa m'thumba la mapiri.
Makoma a miyala angoti chiriri,
kutsika, kutsika, osapeza popumira.
Bwato la asodzi ngati khoko la mtedza.
Nkhwazi inadutsa ndipo ndinaiona kumsana,
ine amene moyo wanga wonse
mbalame ndakhala ndikuzionera kumimba.

Belimiro sanayang'ane zonsezo.
Maso ake anali pa chala chimodzi cha madzi.
"Ukuona pomwe pagwa mthunzi wa mtambo paja?
Pansi pake pali munda wa bambo.
Panali mtengo wa masawu kumalire,
ndinagwamo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi."
Anakweza mlomo, kundionetsa dzino lobenthuka.
"Chibenthu chake chili pomwepo.
Nsomba zikulondera."

Ndinafuna mawu, ndinapeza chinangwa.
Tinanyema, tinatafuna, mphepo ikutola nyenyeswa.

Mnyamata wina ndi mkazi wake, ongokwatirana kumene,
anamupatsa foni kuti awajambule.
Anapukuta manja pabuluku,
anatsinzina diso limodzi,
kenako anati, "Sunthirani kuno pang'ono.
Pang'ononso. Basi, pomwepo. Sekani."
Iwo ankayesa akuwathawitsa dzuwa.
Ine ndinaona zomwe anachita:
pakati pa mapewa awo awiri
anasiya mpata wokwana munda umodzi.

Tsono munda uja wapita ku Beira m'thumba la mlendo,
mwina adzaupachika pakhoma,
adzauonetsa ana awo,
nati, taonani kukongola kwa madzi.

Kutsika kunapweteka kuposa kukwera.
Bondo linalosera mvula ya zaka zitatu.
Luzi linaduka, nsapato ndinainyamula m'manja
ngati nkhuku yopita nayo kwa apongozi.
Pa mwala wa mayi wa ku Chitima
tinapeza bambo wonenepa, thukuta kamukamu,
akuyang'ana kumwamba ndi maso opempha.

Belimiro anamupatsa madzi otsala.
Ine ndinalibe chomupatsa,
choncho ndinati,
"Mwatsala pang'ono, achimwene."