Pa Sikelo ya Tiyi

Usiku ndinalemba kuti:
"Mwamuna wanga, ndakwiya chifukwa wawononga ndalama za feteleza."
Ndinawerenga mokweza.
Zinamveka ngati uthenga wa maliro pa wailesi.

M'mawa ndinatsikira ku Chitakale,
kope m'thumba, chiperoni chikunyowetsa kolala.
Pamzere wa sikelo Fanesi watula dengu la tiyi,
Makwinja waima kumbuyo kwake
atavala nsapato zonunkhira sitolo.

"Zokongola," atero Fanesi.
"Zotchipa izi."
"Ehe."
"Ndati zotchipa."
"Ndamva. Tizithira m'chimanga nsapatozo."

Kapitawo aitana nambala.
Makwinja atsegula pakamwa, natsekanso,
nakanda kuseri kwa khutu.
Palibe watchula feteleza,
mkwiyo sunatuluke ndi dzina lake,
koma mzere wonse wayang'ana kuphiri
ngati kuti Sapitwa wasuntha.

Ndinabwerera, katondo ali kakata kumapazi,
n'kukhwatcha chiganizo changa chonse
ndi galamala yake yosita bwino ija.
Pamalopo ndinalemba "Ehe,"
n'kusiya mzere wopanda kanthu pansi pake
kuti mwamunayo
akandirepo khutu.