Mbuzi Zinayi

Kuumitsa nkhope ndidaphunzira ku Nchalo,
kapitawo akukalipa, ine ndikudula nzimbe,
phulusa lili m'maso koma osaphethira.
Ndiye makhadi awiri angandiwopse?

Mbuzi zinayi ndidagulitsa pamsika wa Bangula.
Yachisanu Nyakhuwa adaigwira chingwe:
"Iyi yokha ayi."

Ndidawoloka pa Marka dzuwa lisanakwiye,
kabaza, matola, matola ena,
mpaka mchere wa ku Beira unandilowa m'mphuno.

Chipinda cha mpikisano wa poka chinkazizira ngati mochale.
Ine mwana wa m'ng'anjo ya Nsanje
ndidachita kubwereka jekete kwa mlonda.
Tidakhala pansi anthu makumi asanu ndi limodzi,
ndalama zinali za asanu ndi atatu omaliza.
Ndidadzuka wachisanu ndi chinayi,
mafumu awiri ali m'manja,
mayi wina wamagalasi akuda atayala maesi ake
osandiyang'ana n'komwe.

Usiku womwewo kuseri kwa doko
kunali tebulo la ndalama zenizeni,
amalinyero, madalaivala a mathanki, utsi.
Ndidawathamangitsa ndi thuu ndi seveni,
nkhope ili gwa!
Mbuzi zonse zidabwerera m'thumba.
Tambala akulira ndidati, kamodzi kokha.

Lero ndafika, fumbi mpaka m'nsidze.
Nyakhuwa akusankha thonje pakhonde.
Sindinatsegule pakamwa,
ndavala nkhope ija idasokoneza doko lonse.
Wandiyang'ana kamodzi,
manja osaleka ntchito:
"Zitatu ndaziona.
Inayo wadyetsa ndani?"