Mboni Ziwiri

Ku Bangula kuno thukuta ndi mdani wanga.
Limalowa pansi pa chipewa cha mawaya
chimene ndawaveka malume Alufandika
n'kuyamba kuyankhula m'malo mwawo.
Ndimapukuta, ndimadikira dzuwa lipendeke,
ndimayambiranso.

Zaka makumi atatu anawolotsa anthu pa Mtayamoyo,
njinga, mbuzi, odwala, akwati, matumba a mapira,
nkhafi ili m'manja, pakamwa posapuma.
Sitiroko inatenga manjawo, inatenganso pakamwapo.
Chatsala ndi maso
ndi zimene zikuchitika kuseri kwa masowo.

Ndili ndi mboni ziwiri.

Yoyamba ndi timagetsi ta mu ubongo.
Imeneyi ndi yaliwiro,
imafika ndisanatsirize funso,
koma ndi yolongolola.
Malume akaphethira, yanena.
Akameza malovu, yanena.
Chigayo cha kwa Nyamizinga chikalira, yanenanso,
n'kulumbira kuti ndi maganizo a munthu.

Yachiwiri ndi magazi.
Ndimawalitsa kakuwala kofiira pachikopa cha mutu
kuti ndione kumene akukhamukira.
Imeneyi imabwera chokwawa,
ndimawerenga zala za dzanja lonse isanatulukire.
Ife a kuchigwa kuchedwa kotere timakudziwa:
mvula imagwa ku Mulanje ife tikuyanika nsomba padzuwa,
m'mawa mwake madzi ali pakhonde.

Ntchito yanga ndi kuzikhazika pamkeka umodzi.
Iyi ili ndi wotchi yake, iyo ili ndi yake.
Usiku ndimalemba mizere pa laputopu,
batire ya sola ikutsinzina,
udzudzu ukundiwerengera akakolo,
kuphunzitsa pulogalamu isakhulupirire wofika msanga
chifukwa choti wafika msanga,
isatayenso wochedwa.
Tsiku lina ndinasemphanitsa mawotchiwo,
yankho la funso ili n'kumagwera pa funso linalo.
Sabata yathunthu malume anamwa tiyi wopanda shuga
akundiyang'ana.

Pa Chiromo ndinaonapo Ruo akulowa mu Shire,
madzi amitundu iwiri
kuyenda mtunda ndithu phewa ndi phewa, osasakanikirana.
M'makina mwanga ndi momwemo.

Tinapangana chonchi:
mukafuna kuti inde, palasani kumanja m'maganizo,
mukafuna kuti ayi, kumanzere.
Mkono suyenda, koma mutu sunaiwale mtsinje.

Lachinayi mayi Fulukiya anandikokera kuseri kwa nkhokwe.
Uwafunse za bwato.
Munthu wa ku Makhanga wabwera ndi ndalama m'thumba,
mankhwala atsala a masiku anayi.

Ndinafunsa.

Timagetsi tinathamanga: kumanja.
Inde, gulitsani.
Mayi anagwira bondo kuti adzuke.
Ndinati dikirani, mboni ina ikadali m'njira.

Chala choyamba. Chachiwiri.
Ntchentche inatera pa waya.
Chachinayi. Chachisanu.

Magazi anafika mbali zonse ziwiri,
kuno adzaza, uko adzaza,
ngati dambo la Ndindi mu Febuluwale.
Pulogalamu yanga ili ndi mabokosi awiri okha.
Inazunguzika, n'kulemba kuti yalephera.

Mayi anati makina afa ndi kutentha.
Ine ndinayang'ana malume.
Diso lawo silinali pa ife,
linali patsidya, kupyola khoma.
Ndinakumbuka ndili mwana, nditakhala pa thumba la mapira pakati pa bwato:
nkhafi kumanja, nkhafi kumanzere, kumanja, kumanzere.
Wopalasa chotero sakuvomera, sakukana.
Akuwoloka.

Usiku umenewo ndinawonjezera bokosi lachitatu.
Dzina sindinalipatse mpaka lero.

Mlendo wa ku Makhanga anakhala pansi pa nimu mpaka madzulo,
chipewa pabondo, akudzipepesera mphepo ndi katoni.
Atatopa anafunsa kuti ayankha chiyani mkuluyo.
Mayi anandiyang'ana.
Ndinati akadali pamadzi,
mubwere Lolemba.