Njoka ya Labala

Anabwera m'katoni ya sopo,
ubweya wake wofiira utawauka mbali imodzi,
akununkha utsi.
Kuno ku Kalimantan dothi lenilenilo limayaka,
moto umafukula pansi ngati mfuko
n'kukatulukira kumene sunauyembekezere.
Anam'peza m'ngalande ya munda wa kanjedza wa mafuta
atakangamira pachifuwa cha amake, chozizira kale.
Zala zake anachita kumasula chimodzichimodzi.
Tinamutcha Dehen.

Ntchito yanga ndi umayi waganyu.
Ndimalowa mbandakucha, kukamwa nditaphimba
kuti chimfine changa chisaphe mwana wa orangutani.
Miyezi isanu ndi itatu anagona pamimba panga,
kudzidzimuka injini ikangolira kumtsinje,
mkodzo wake wofunda ukutsikira m'chiuno mwanga.
Mwana wanga wobereka, Mariani,
ankati amayi mukununkha tchire,
kasambeni kaye.

Zimene amake akanam'phunzitsa pa zaka zisanu ndi ziwiri
ndinayamba ndaphunzira ine, wamiyendo yolemera.
Ndinayamwa chiswe m'chikuni chowola iye akuonerera.
Ndinakwera mtengo mawondo akunjenjemera,
kupinda nthambi kukhala chisa chopendekeka.
Anachiyang'ana, anachiphwasula,
n'kumanga chake pamwamba pa mutu wanga.

Kenaka linafika tsiku la njoka.
Ndi ya labala, yogula pamsika ku Palangka Raya,
penti yake inayamba kusupuka kumchira.
Timaibisa m'masamba, timaikoka ndi ulusi,
ine n'kukuwa ngati ndalumidwa,
kuimenya ndi ndodo, phwa! phwa!
Dehen anathawira kwa ine.
Ndinam'kankha.
Anabweranso, milomo itatambasuka, akulira kamluzu kake kaja.
Ndinam'kankhanso.
Kachitatu anayang'ana ine, anayang'ana njoka,
n'kusankha mtengo.
Anzanga anaomba m'manja.
Ine ndinakhala pachitsa, mpunga wanga sindinaudye.

Mchimwene wanga Simpei amayendetsa buludoza kukampani.
Fizi ya Mariani amalipira ndiye.
Loweruka timadyera limodzi nsomba ya mumtsinje wa Kahayan,
timakamba za mtengo wa petulo, za denga lodontha,
za bondo la amayi.
Tsiku lina, akuchotsa munga m'kamwa, anangoti,
mtengo ukamagwa chisa chimatsalira m'mwamba pang'ono,
chimagwa pambuyo.
Sindinayankhe. Ndinamuwonjezera tsabola.

Zaka zinapita. Mikono yake inatalika kuposa yanga,
anasiya kutsika ndikamuitana,
ndipo anandiuza kuti ndisiye kuitana.
Chaka chomaliza ndinkangomuona patali, pachilumba,
kadontho kofiira pakati pa masamba.

Tinam'nyamula masiku atatu, pagalimoto, kenaka pabwato,
kukwera mtsinje wa madzi akuda ngati tiyi wopanda mkaka,
mpaka kumene foni imasanduka mwala
ndipo mitengo sinamvepo macheka.
Misundu inatikwera m'masokosi.
Anyamata anayi anasenza khola pamapewa, akuterereka.
Chingwe cha chitseko anapatsa ine.

Ndinakoka.
Anatuluka pang'onopang'ono, ananunkhiza mphepo,
anagwira mpesa wolendewera, anauyesa kawiri,
basi n'kuyamba kukwera.
Nthambi zinagwedezeka, madzi a mvula ya dzulo anatigwera kumaso.

Pafomu pali funso: kodi anafuna kubwerera kwa anthu?
Ndinachonga pa ayi.
Dokotala anati wakhoza bwino kwambiri,
ngakhale kucheuka sanacheuke.
Ndinati inde, ndaona.

Pobwerera bwato linapepuka, linkathamanga.
Titayandikira kumunsi, thambo linali lachikasu,
utsi wa chaka chino utayamba kale.
Mariani anandichingamira pakhomo, wamtali tsopano,
anandikumbatira ndisanasambe.

Lolemba m'mawa ndinapeza katoni ina pakhonde la chipatala,
iyi ya mabisiketi, yobooledwa ndi msomali kuti mpweya uzilowa.
M'katimo chinachake chinkakanda.
Ndinasamba m'manja, ndinamanga chophimba kukamwa.
Njoka ili m'kabati, yapindidwa bwino.
Idikira zaka ziwiri.