Chitseko cha Nambala 22

Usiku ku Kamwala, mashopu atatsekedwa,
ndatsala ndekha ndi seva ya a Zgambo
m'kachipinda kakumbuyo konunkha inki ndi fumbi.

Wina akugogoda.
Osati pageti, pomwe mlonda akuwodzera pambaula,
koma m'kati mwa waya.
Wayesa dzina loti adimini,
wayesa 123456,
wayesa tsiku lobadwa la munthu amene sanamuonepo.
Kagogodedwe kake, mazana anayi pa ola.
Satopa ameneyu. Alibe zala zoti n'kutupa.

Adiresi yake ikuti ali kutsidya kwa nyanja.
Mawa idzati ali ku Matero.
Bodza lokhalokha.

Ndiye ndauza fayawolo lamulo:
wophonya katatu akagone panja.
Chitseko cha nambala 22 ndachisamutsa,
zinazo ndazimata ndi njerwa zosaoneka.
Ndangosiya kampata kamodzi
ka mayi Tisungane owerengera ndalama,
omwe amaiwala pasiwedi Lolemba lililonse
n'kundiimbira ndili wopanikizika m'minibasi ya ku Chilenje.

Magetsi athima. Batire layamba kulira.
Ndatsala ndi mphindi makumi awiri.

Pasikirini mizere ikutsika:
wakanidwa,
wakanidwa,
wakanidwa,
ngati madontho a mvula yoyamba pamalata,
ndipo ine, wopusa, ndikumwetulira mumdima.

Kukacha a Zgambo adzafunsa
chomwe ndimachita usiku wonse.
Palibe chabedwa, ndidzatero.
Adzayang'ana seva, ili phee monga dzulo,
adzayang'ana maso anga ofiira,
kenako makiyi m'manja:
nanga tikukulipirani chiyani?

Kunja kwa mpanda uja
akugogodabe.