Ndani Ankayendetsa?

Kalata yafika Lachiwiri m'mamawa,
yagwera pakapeti pamodzi ndi timapepala totsatsa pitsa.
Ndaitola ndisanavule jekete,
manja akununkhabe sopo wosambitsira nkhalamba za eni.

Chithunzi n'chakumbuyo:
Toyota yanga yotuwa, nambala yanga,
pamsewu wa Kirkstall, pakati pausiku,
ikuthamanga ngati yaba.
Ola limenelo ine ndinali ku Headingley,
ndikutembenuza Mayi Hargreaves
kuti msana wawo usachite zilonda.

Kamera siidziwa nkhope.
Imadziwa nambala, nambala imadziwa dzina,
dzinalo ndi langa.

Akuti tiuzeni amene ankayendetsa.
Andipatsa masabata anayi
ndi kabokosi kochepa ngati chibiriti,
kosakwana kulembamo
kuti ndi mwana wa malemu achemwali,
kuti ndinamuberekapo kumsana pokwera chitunda cha ku Bangwe,
kuti mapepala ake akali m'manja mwa boma
chaka chachiwiri chino,
ndipo kachilema kalikonse adzakawerenga.

Ganizani.
Dzina analandira, ntchito yake anaisiya.

Ndinati ndidandaule kuti malamulo a Azungu ndi ouma mtima,
koma ndakumbukira bambo
atanyamula nkhuku ziwiri kupita kwa a Mpinganjira
chifukwa mbuzi yathu inadya chimanga chawo.
Mbuzi sanaifunse kanthu.
Koma mbuzi sinabwere kukhitchini
ikusisita m'manja, kuti anti,
ndingokafika pa Armley pompa, ndibwera msanga.
Makiyi ndinapereka ndekha.
Ndinawonjezeranso ya petulo.

Ndikakhala chete, chindapusa n'changa,
laisensi ithimbirira,
ndipo wopanda galimoto sapatsidwa mashifiti akutali.
Ndikalemba kuti ndinali ine,
ndanamiza boma,
pomwe buku la kuntchito lili ndi siginecha yanga
pa ola lomwelo.
Ndikalemba zoona
ndidzayankha chiyani kumanda a achemwali?

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi.
Mvula ya ku Leeds ikungonyenyeka pawindo.
Makiyi ndimagona nawo tsopano, m'thumba la yunifolomu,
ngati ndine wakuba.

Iye ali pasofa, mapazi atulukira kunja kwa bulangete,
akupuma ngati mayi ake.
Ndathira madzi m'ketulo.
Ndaika kalata patebulo, cholembera pambali,
makapu awiri.

Ganizani, dzuka.
Pali dzina likufunika apa,
ndipo dzanja langa latopa.