Amuna Atatu Anali Mmodzi

Mayi Mutsvairo aunjika mabuku atatu pa desiki langa:
"Pofika Lachisanu undiuze yoti tigule."
Panja majakaranda akuyoyokera pa makombi a ku Mufakose,
jenereta ikutsokomola kunsi kwa masitepe.

Nkhokwe yathu yakale ndi ya mizere ndi mipanda.
Munthu akalowamo imam'dula mfundomfundo ngati nzimbe:
dzina uku, ana uko, ngongole ya bokosi kwina,
pom'funa uyambe wam'soka ndi ulusi wa manambala.
Zatsopanozi akuti zimasunga chinthu chathunthu,
mwini ndi zake, ndi khalidwe lake lomwe,
mwana n'kumatengera za kholo osalembanso kawiri.

Woyamba anabwera atamanga tayi wofiira.
Yake ndi yaliwiro, ndadzionera ndekha,
imakutulira tsamba lonse funso lili m'kamwa,
koma imamva chilankhulo chimodzi chokha
ndipo laisensi ndi madola a ku Amereka, chaka ndi chaka.
Wachiwiri sanabwere n'komwe, anayankhula pa sikirini.
Yake imatola chimodzichimodzi
ngati wosankha tomato pa Mbare Musika,
komabe anthu makumi anayi angalembemo osapondana zala.
Ndinam'funsa, nanga magetsi akathima pakati pa chiganizo?
Iye amvekere, "Amathima kangati?"
Tonse m'chipindamo tinayang'ana pansi.

Yachitatu ndi yotchipa. Kampani yake yagulidwa kawiri.

Anzanga akaweruka ndimaziyesa ndi dzina limodzi.
Wedisoni Chilambe wa ku Ntcheu
anatsika sitima ndi bulangete ndi lumo.
Kalaliki wa pafakitale analemba Chirambe,
wa penshoni analemba Chiramba,
ku Warren Hills ndi nambala pa kachitsulo.
Mayi anga anatha zaka zinayi ndi envulopu ya khaki
kuchonderera mawindo a maofesi
kuti amuna atatuwo anali mmodzi,
ndipo ankajona.

Zonse zitatu zam'landira bambo.
Zam'patsa chizindikiro chosasuntha
ngakhale dzina lipindike bwanji,
m'munsi mwake mukulendewera ine, ndi Esinati,
ndi Yotamu amene anapita ku Joni osatumiza ndi moni yemwe.

Lachisanu ndidzalemba za mtengo ndi masekondi.
Mayi Mutsvairo adzaloza yotchipa, ndikuwadziwa.
Zoyeserazi lamulo likuti ndifufute ndisanatseke.
Chala chili pa batani.
Mlonda akugogoda galasi ndi kiyi,
akuti kombi yomaliza yatsala mipando iwiri.